Ndani ankakhala m'nyumba yakeyake ku Britain? Zolemba za kafukufuku wanga

Loweruka, 13 Januwale

Ntchito iyi yabadwira pa mkangano. Mwezi watha, titatha kudya pa msonkhano wa kagulu kathu ka Amalawi kuno ku Leeds, nkhani inakhotera ku lendi monga imachitira nthawi zonse. Bambo ena achikulire, amene anafika kuno ine ndisanayambe n'komwe sukulu, anati Mngelezi chibadwire chake ndi munthu wa nyumba yakeyake, za lendi ndi za ife obwera. Ndinatsutsa, koma ndinalibe pogwira. Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ukabwere ndi mapepala." Mapepalawo ndi amene ndayamba kusaka lero.

Chimene ndikufuna ndi tebulo limodzi. Mzere uliwonse ukhale wa zaka khumi, kuyambira cha m'ma 1900 mpaka lero. Mbali imodzi isonyeze kuti ndi makomo angati anali m'nyumba zawo, angati ankachita lendi kwa landilodi, angati kukhonsolo. Mbali inayo isonyeze mtundu wa nyumba: yoima payokha, ziwiri zogawana khoma zimene kuno amati semi-detached, za mdadada, ndi mafulati. Ndasankha kunena kuti khomo m'malo mwa banja, chifukwa kalembera wa kuno amawerenga anthu okhalira limodzi, kaya ndi pachibale kaya ayi. Anyamata anayi ogawana khitchini ndi pabalaza ndi khomo limodzi.

Tsiku loyamba layenda bwino mpaka ndachita kukayika. Ofesi ya ziwerengero ya ONS inatulutsa nkhani mu 2013 yofotokoza zaka pafupifupi 100 za umwini wa nyumba ku England ndi Wales. Mu 1918 makomo 23 pa 100 aliwonse ndi amene anali m'nyumba zawo, 77 otsalawo ankachita lendi. Mu 1939 eni nyumba anafika cha pa 32, ndipo mu 1953 anali akadali pomwepo. Mu 1971 ndi pamene eni ndi alendi anafanana, theka kwa theka. Mu 2001 eni anafika pa 69, kenako mu 2011 anatsika kufika pa 64, kutsika koyamba m'zaka zonsezo. Kalembera wa 2021 akuti 62.5 peresenti, omwe ndi makomo 15.5 miliyoni mwa makomo 24.8 miliyoni.

Zotsutsira bambo aja zakwana kale. Koma mbali ya mtundu wa nyumba ikadali mbee, ndipo mzere wosalala chonchi sindikuukhulupirira.

Lachitatu, 17 Januwale

Kukayika kuja kunali ndi chifukwa. Kalembera wa ku Britain anayamba mu 1801, koma funso lakuti nyumba mukukhalayi ndi yanu kapena ya lendi linafunsidwa koyamba mu 1961. Kwa zaka 160 boma linkawerenga anthu, nyumba zokhalamo anthu, nyumba zopanda anthu, kuyambira 1811 ngakhale nyumba zomangidwa kumene, koma osafunsa mwini wake. Ndiye 23 wa 1918 uja, 32 wa 1939, 32 wa 1953, palibe anayenda khomo ndi khomo kuwawerenga. Ndi akatswiri anawapeza pambuyo pake, powerengera chobwerera m'mbuyo: nyumba zingati zinamangidwa, zingati zinagwetsedwa, zingati landilodi anagulitsa kwa wokhalamo, kuphatikizapo timakafukufuku ta apo ndi apo.

Chinandidzidzimutsa kwambiri n'chakuti m'mabuku ambiri akale a mbiri ya nyumba mumapezeka nambala ina: kuti mu 1914 eni nyumba anali 10 pa 100. Khumi ndi 23 si zinthu zoyandikana, ndipo pakati pa 1914 ndi 1918 panali nkhondo, nthawi imene kumanga nyumba kunangotsala pang'ono kuimiratu. Mu 1985 Mark Swenarton ndi Sandra Taylor analemba m'magazini ya akatswiri yotchedwa Economic History Review kusonyeza kuti 10 peresenti uja alibe maziko olimba. Olemba ankangopatsirana, uyu kutenga kwa uyo. Buku limene landithandiza kuona m'mene nambala zoterezi zimapangidwira ndi la Alan Holmans, Historical Statistics of Housing in Britain, lomwe linatuluka ku Cambridge mu 2005. Holmans anagwira ntchito m'boma zaka zambiri monga katswiri wa zachuma pa nkhani za nyumba, ndipo chimene ndamukondera n'chakuti sabisa msoko. Pamene wasoka nsalu ziwiri zosiyana amanena kuti apa ndasoka.

Ndatengera khalidwe lomwelo. Mutebulo langa nambala iliyonse yochokera m'kalembera ikhala yakuda. Yochokera m'kafukufuku wofunsa makomo ochepa oimira onse ikhala yabuluu. Yongoyerekeza akatswiri ikhala yofiira. Nditapaka mitunduyi ndapeza kuti chilichonse cha m'mbuyo mwa 1961 chafiira psuu.

Ndaonanso mmene anafunsira mu 1961. Sanagawe patatu ngati ine. Panali okhala m'nyumba yawo, a lendi kukhonsolo, a lendi kwa munthu wamba m'nyumba yokhala ndi mipando kale, a lendi m'nyumba yopanda mipando, okhala m'nyumba chifukwa cha ntchito, ndi amene nyumbayo inabwera pamodzi ndi famu kapena shopu. Okhala m'nyumba ya ntchito aja, monga antchito a m'mafamu ndi m'migodi, matebulo ambiri amawaponya m'gulu la lendi kwa munthu wamba. Ndawasiya momwemo koma ndalemba chizindikiro pambali.

Lamlungu, 21 Januwale

Ndadzigwira ndikulakwitsa. Pamwamba pa tebulo ndinalemba kuti Britain, pamene nambala zonse zinali za England ndi Wales. Scotland ali ndi kalembera wakewake, woyendetsedwa ndi National Records of Scotland, ndipo womaliza anachitika mu Malichi 2022, chaka chimodzi pambuyo pa anzawo, chifukwa cha Covid. Northern Ireland sali mu Britain, ali mu United Kingdom, choncho ndamusiya.

Scotland si wongomuphatikiza mwachisawawa. Cha m'ma 1981 makomo oposa theka kumeneko ankakhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe ena a boma, pamene ku England ndi Wales anali 31 pa 100, ndipo apo m'pamene anafika pachimake. Ukasakaniza, kusiyana konseku kumamira chifukwa England ndi wamkulu kwambiri. Ndiye matebulo akhala awiri, ntchito yawirikiza.

Vuto lina laling'ono: matebulo a unduna woona za nyumba, amene amawatcha live tables, amawerenga nyumba, pamene kalembera amawerenga makomo. Nyumba yopanda munthu ilipo mu tebulo la unduna, m'kalembera wa makomo mulibe. Nyumba imodzi yokhala makomo awiri, zomwe zinali zofala nkhondo yachiwiri itangotha, imawerengedwa kamodzi uku, kawiri uko. Undunawo umasinthasinthanso dzina, moti pofufuza pa intaneti ndi bwino kugwiritsa nambala ya tebulo. Ya England ndi 104.

Loweruka, 27 Januwale

Tsiku lonse ndathera pa mtundu wa nyumba, ndipo apa ndiye pali minga.

Za lero zilipo bwinobwino. Mu 2021 ku England ndi Wales makomo 31.5 pa 100 anali mu semi-detached, 23.2 m'nyumba zoima pazokha, 23.2 enanso m'nyumba za mdadada, 21.7 m'mafulati, ndipo otsala ochepa kwambiri m'makalavani ndi mokhala mwina mosakhazikika. Kalembera wa 2011 ndi 2001 anafunsa chimodzimodzi, ndipo zonsezi zili pa Nomis, tsamba la pa intaneti la ziwerengero za ONS, pomwe ungathe kuphatikiza mtundu wa nyumba ndi umwini mpaka kufika pa kadera kakang'ono. Mu 1991 mtundu wa nyumba unalembedwa, koma ankachonga ndi wowerengayo ataima pakhomo, mwini khomo n'kukonza ngati palakwika. Kubwerera m'mbuyo kuposa apo, kalembera sakuyankhanso funso langa m'mawu amene ndikulifunsira.

Chimene chimatseka mpatawo pang'ono ndi kafukufuku wa momwe nyumba zilili, amene anayamba mu 1967, akatswiri akuyendera nyumba zosankhidwa n'kuona denga, chinyezi, chimbudzi. Mu 2008 anamuphatikiza ndi kafukufuku wina wofunsa makomo n'kukhala English Housing Survey. Ameneyu ndi amene amasonyeza kuti umwini ku England unafika pamwamba penipeni mu 2003, pafupifupi 71 peresenti, chinthu chimene kalembera wa zaka khumikhumi sakanachiona. Nambala zake ndi zabuluu.

Nanga anthu akale ankawerenga chiyani? Ankawerenga chimene chinkawadetsa nkhawa. M'zaka za m'ma 1800 nkhawa inali kuthithikana ndi matenda, choncho ankawerenga zipinda. Ku Scotland mu 1861 anafunsa kuti khomo lili ndi zipinda zingati zokhala ndi zenera, ndipo anapeza kuti pafupifupi banja limodzi mwa atatu linkakhala m'chipinda chimodzi. Ku England ndi Wales anayamba mu 1891, kufunsa okhawo okhala m'zipinda zosakwana zisanu. Mu 1911 anafunsa onse. Mu 1951 nkhawa inasamukira ku madzi: mpopi, chitofu, sinki, chimbudzi chamadzi, bafa lokhazikika. Makomo oposa limodzi mwa atatu analibe bafa. Ndinawerenga zimenezi kawiri. Ndi 1951, m'dziko limene panthawiyo linkalamulira Nyasaland.

Ngakhale liwu lakuti house lili ndi msampha. Ku England kalembera wa 1851 anati nyumba ndi zonse zili mkati mwa makoma akunja ndi makoma ogawana ndi oyandikana nawo, kutanthauza kuti chinyumba chokhala mabanja khumi ndi nyumba imodzi. Ku Scotland, komwe anthu a m'mizinda monga Glasgow ndi Edinburgh ankakhala m'zinyumba zamiyala zosanja zotchedwa tenement, kuyambira 1881 khomo lililonse lotsegukira pa masitepe a onse linkawerengedwa ngati nyumba payokha. Munthu wosadziwa angaganize kuti Scotland anamanga nyumba zankhaninkhani m'zaka khumi. Anangosintha tanthauzo.

Malipoti akale a kalembera ndawapeza pa tsamba la pa intaneti la Histpop, ojambulidwa tsamba ndi tsamba, ndipo za dera ndi dera pa A Vision of Britain through Time, ya yunivesite ya Portsmouth. Malire a makhonsolo anasintha ku London mu 1965, ku England ndi Wales yense mu 1974, ku Scotland mu 1975. Leeds wa 1961 si Leeds wa 1981. Wachiwiriyu anameza matauni monga Morley, Pudsey ndi Otley. Ukayerekeza osasamala, umaona ngati anthu a mumzinda anagula nyumba mwadzidzidzi, pamene malire ndi amene anakakokera mkati madera a eni nyumba.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Sabata yatha sindinagwire kanthu, mashifiti a usiku anandimaliza. Lero ndangotseka maenje awiri.

Mafomu a kalembera amatsegulidwa patapita zaka 100, ndipo a 1921 a ku England ndi Wales anatuluka mu Januwale 2022. Ndinkaganiza kuti a 1931 ali m'njira. A England ndi Wales anapsa onse pa moto umene unabuka mosungiramo katundu ku Hayes, Middlesex, mu Disembala 1942. Matebulo osindikizidwa okha ndi amene alipo. A Scotland anapulumuka chifukwa ankasungidwa ku Edinburgh. Mu 1941 kunalibe kalembera chifukwa cha nkhondo. Chilipo ndi kaundula wa pa 29 Sepitembala 1939, amene anapangidwira ziphaso ndi makadi ogawira chakudya. Ali ndi adiresi, mayina ndi ntchito, koma za mwini nyumba mulibe.

Loweruka, 17 Febuluwale

Ndapita ku Kew, ku London, ku The National Archives, kosungirako zolemba zakale za boma. Basi ya m'mamawa kukadali mdima, kenako sitima ya pansi mpaka Kew Gardens. Ulendowu ndi umene wandipatsa chinthu chogwirika kuposa masabata onse apitawa.

Chinanditengera kumeneko ndi ichi. David Lloyd George ali nduna ya zachuma anafuna kukhometsa msonkho pa kukwera mtengo kwa malo. Kuti adziwe kukwerako anayenera kudziwa kaye mtengo woyambira, choncho lamulo la zachuma la 1910 linalamula kuti malo aliwonse ndi nyumba iliyonse m'dziko ziyesedwe mtengo monga zinalili pa 30 Epulo 1909. Msonkhowo sunapite patali, unathetsedwa mu 1920. Koma mabuku anatsala, ndipo ali ndi zinthu ziwiri zimene kalembera sanaziike pamodzi mpaka zaka 80 pambuyo pake, umwini ndi mtundu wa nyumba: muli dzina la mwini ndi dzina la wokhalamo, komanso kufotokoza nyumbayo.

Kupeza nyumba imodzi ndi ntchito. Suyambira pa buku, umayambira pa mapu. Oyesa mitengo aja anatenga mapu akuluakulu a Ordnance Survey, ofesi ya boma yojambula mapu, n'kulembapo pamanja nambala ya malo aliwonse. Mapu a chigawo cha Yorkshire ali m'gulu la IR 134. Ukapeza nambala ya malo ako ndi dzina la parishi ya msonkho, kutanthauza kadera kokhometsera msonkho, m'pamene umaitanitsa buku la m'gulu la IR 58, ndipo buku lililonse limakhala ndi malo okwana 100. Ine ndinali nditakonzekera kunyumba pogwiritsa mapu akale amene National Library of Scotland inaika pa intaneti kwaulere, omwe akuphatikiza England yemwe. Komabe ndinasokoneza parishi, buku loyamba linabwera la dera lina. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anandiona ndikutembenuza masamba mosowa mtengo wogwira, anabwera n'kundifunsa chimene ndikufuna. Ndinati, "Pepani mayi, ndasochera." Anandisonyeza pamene dzina la parishi limalembedwa, ndipo buku lachiwiri linali lolondola. Safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono.

Ndinasankha msewu umene ndimakhala, wa nyumba za back-to-back. Kwa amene sanazione: ndi mdadada uwiri wogundana misana, khoma lakumbuyo ndi limodzi, moti nyumba ili ndi khomo ndi mazenera kumaso kokha. Ndinatsegula tsamba la nyumba yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Dzina la wokhalamo likusintha tsamba lililonse. Dzina la mwini ndi lomwelo, lomwelo, kenako lina limene nalonso likubwerezedwa nyumba zingapo zotsatizana. Lendi yolembedwa ndi ya pa sabata. Kufotokoza kwake n'kwachidule, kwa munthu wotopa ndi kulemba zofanana: njerwa, denga la sileti, chipinda cha pansi pa nthaka, chipinda chokhalamo, zogona m'mwamba, chimbudzi chapanja chogawana. Pa nyumba zambiri anangolemba kuti n'chimodzimodzi ndi nambala yakuti.

Nditafika pa nyumba imene ndimagonamo ndinakhala kaye chete. Wokhalamo wa nthawi imeneyo ankalipira lendi kwa munthu wokhala kwina, monga ndichitira ine. Kusiyana kwake n'kwakuti chimbudzi chinalowa m'nyumba ndipo lendi ndi ya pamwezi.

Chimene ndaphunzirapo pa tebulo langa n'chakuti landilodi wa nthawi imeneyo kawirikawiri sanali bwana wa minda ikuluikulu. Anali wa shopu, womanga nyumba, mayi wamasiye, munthu amene anaika ndalama zake m'nyumba zinayi kapena zisanu ndi imodzi kuti azidyapo akakalamba, monga amachitira anthu ku Ndirande kapena ku Kawale akamanga mdadada kuseri kwa nyumba yawo. Izi n'zosiyana ndi nkhani ya malo. Kaundula wa eni malo wa 1873, amene sanaphatikize London ndipo anatchula mayina a okhawo okhala ndi ekala imodzi kapena kuposa, anasonyeza kuti gawo lalikulu la nthaka linali m'manja mwa anthu masauzande ochepa. Mwini nthaka ndi mwini nyumba nthawi zambiri anali anthu awiri osiyana.

Msewu umodzi si dziko. Mabuku a IR 58 alipo masauzande makumimakumi, olembedwa pamanja, ndipo a madera ena anawonongeka pa nkhondo yachiwiri. Sindingawawerenge onse. Koma tsopano ndikudziwa kuti pansi pa nambala yofiira ija pali china chimene munthu angachikhudze ndi dzanja. Ku Scotland zinthu n'zofewerapo: kuyambira 1855 chaka chilichonse ankalemba kaundula wotchedwa valuation roll, ndandanda yosonyeza mwini, wa lendi ndi wokhalamo, ndipo ya zaka zosankhidwa ili pa tsamba la pa intaneti la ScotlandsPeople.

Lachinayi, 22 Febuluwale

Ndinaganiza kuti ndapeza njira yachidule. Ofesi ya boma ya Valuation Office, imene imaika nyumba m'magulu a msonkho wa khonsolo, imatulutsa tebulo la nyumba zonse za ku England ndi Wales potengera mtundu ndi nthawi imene zinamangidwa: zisanafike 1900, 1900 mpaka 1918, 1919 mpaka 1929, choncho mpaka lero. Ndinati basi, ndikaphatikiza zonse zomangidwa chisanafike chaka chakuti ndipeza m'mene dziko linkaonekera chaka chimenecho. Ndinatha maola awiri ndikupanga magirafu okongola.

Ndawafufuta onse. Tebulo limenelo limawerenga nyumba zimene zikadalipo, ndipo zimene zinagwetsedwa si zongosankhidwa mwangozi. Zinagwetsedwa ndi za amphawi. Kuyambira lamulo la Greenwood la 1930, kenako mwamphamvu kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, makhonsolo anaphwasula nyumba zambirimbiri za mdadada ndi back-to-back. Ukawerenga zotsala zokha, chaka cha 1900 chimaoneka cholemera kuposa m'mene chinalili. Ngakhale zolowa m'malo mwake zina zinapita. Kuno ku Leeds, mafulati a Quarry Hill, oposa 900, amene anayamba kulandira anthu mu 1938 ndipo ankatamandidwa kuti ndi amakono, anagwetsedwa mu 1978. Pamalopo lero pali Leeds Playhouse ndi chinyumba cha maofesi a boma. M'tebulo la nyumba zomwe zilipo, Quarry Hill sanakhaleko.

Back-to-back nayonso ilibe danga lakelake. Kalembera amaiwerenga ngati mdadada wamba, ngakhale kuti lamulo la 1909 linaletsa kumanga zatsopano chifukwa mpweya sudutsa. Leeds anapeza pothawira m'lamulomo, pa misewu imene mapulani ake anali atavomerezedwa kale, n'kupitiriza kumanga mpaka 1937. N'chifukwa chake ku Harehills, Beeston, Holbeck ndi Armley zikadali zodzaza, pamene ku Birmingham kwatsala bwalo limodzi limene bungwe losunga malo akale la National Trust linasandutsa malo okaona alendo.

Kaundula wa mitengo ya nyumba wa HM Land Registry, ofesi yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, ndamuyesanso. Ali ndi mtundu wa nyumba pa kugulitsa kulikonse kuyambira 1995, koma amaona zogulitsidwa zokha. Ofesiyo inakhazikitsidwa mu 1862, koma kulembetsa nyumba ikagulitsidwa kunakhala kokakamiza ku England ndi Wales yense mu Disembala 1990. Za kale, kuno tili ndi mwayi: West Riding inali ndi kaundula wake wa mapepala a nyumba kuyambira 1704 mpaka 1970, ndipo ali ku Wakefield, mphindi zochepa pa sitima.

Loweruka, 2 Malichi

Ndawonjezera danga lomaliza m'tebulo, la zifukwa, chifukwa ndikudziwa kuti bambo aja sadzafunsa za mitundu ya inki. Adzafunsa kuti chinasintha n'chiyani.

Landilodi wamba anayamba kufooka mu 1915. Ku Glasgow, eni nyumba atakweza lendi amuna ali kunkhondo, amayi a ku Govan motsogozedwa ndi Mary Barbour anakana kulipira, ndipo chaka chomwecho boma linaika lamulo loletsa kukweza lendi ya nyumba za anthu wamba. Malire a lendi anakhalapo m'njira zosiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndipo eni nyumba ambiri anaona kuti kuli bwino kugulitsa, nthawi zambiri kwa wokhalamo yemweyo. Apa pali chinthu chimene tebulo la umwini lokha silisonyeza: nyumba yomweyo ya mdadada inachoka m'danga la lendi kupita m'danga la eni popanda njerwa imodzi kusuntha.

Khonsolo inalowa mwamphamvu ndi lamulo la Addison la 1919. Analonjeza nyumba 500,000, zinamangidwa pafupifupi 213,000 ndalama zisanadulidwe, koma njira inatseguka, ndipo lamulo la Wheatley la 1924 linapitiriza. Pakati pa nkhondo ziwirizo kunamangidwa nyumba pafupifupi 4 miliyoni, zoposa miliyoni imodzi za makhonsolo, zotsalazo za omanga wamba. Semi-detached ya kunja kwa mzinda, imene lero ili pamwamba pa mndandanda, inachuluka nthawi imeneyo, makamaka m'ma 1930 chiwongoladzanja chili chotsika. Ngongole zake zinkachokera ku ma building society, mabungwe osunga ndalama ndi kubwereketsa zogulira nyumba. Loyamba lodziwika linayambira m'nyumba yomwera mowa ya Richard Ketley ku Birmingham mu 1775: anthu ankasonkha mwezi ndi mwezi, n'kuchita maere kuti amangiridwe ndani, onse akapeza nyumba gulu n'kutha. Chipereganyu chenicheni.

Kenako 1980, lamulo la boma la Margaret Thatcher lopatsa alendi a khonsolo ufulu wogula nyumba zawo, mtengo utatsitsidwa ndi 33 mpaka 50 peresenti. Ku England kokha zagulitsidwa pafupifupi 2 miliyoni. Scotland anathetsa ufuluwu mu 2016, Wales mu 2019. Lamulo la 1988 linamasula lendi, ngongole zogulira nyumba yochititsa lendi zinayamba mu 1996, ndipo landilodi wamba anadzukanso: mu 2021 makomo 20.3 pa 100 anali kwa iye, kuposa 17.1 a kukhonsolo ndi mabungwe a nyumba.

Misampha iwiri ndailemba pansi pa tebulo. Woyamba: kuyambira 1988 makhonsolo ambiri anapereka nyumba zawo zonse ku mabungwe a nyumba, monga Glasgow anachitira mu 2003 ndi nyumba zoposa 80,000. Wokhalamo sanasamuke, ndipo ambiri polemba fomu ya kalembera amachongabe kuti landilodi wawo ndi khonsolo. Choncho madanga awiriwa ndawaphatikiza. Wachiwiri: liwu lakuti mwini likubisa zinthu zitatu. Mu 2021 omwe anamaliza kulipira anali 32.8 pa 100, omwe akadali ndi ngongole kapena ali ndi gawo chabe la nyumba anali 29.7. Ndipo pafupifupi aliyense wogula fulati ku England ndi Wales amagula lizi ya zaka zowerengeka, nthaka ndi chinyumbacho zili za wina. Kalembera amamutcha mwini basi.

Loweruka, 9 Malichi

Pomwe ndafika ndi apa. Tebulo la umwini la England ndi Wales latha: 1918, 1939 ndi 1953 zofiira, 1961 mpaka 2021 zakuda. La mtundu wa nyumba ladzaza kuyambira 1991, labuluu kubwerera mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kumbuyo kwake ndasiya madanga opanda kanthu. Mlamu wanga atawaona anati, "Alamu, bwanji osangoikamo zoyerekeza kuti lioneke lathunthu?" Ndakana. M'malo mwake ndaika tebulo lina laling'ono la zipinda za 1891 ndi 1911 ndi mabafa a 1951, pamodzi ndi zithunzi za masamba a ku Kew, mayina nditawaphimba.

La Scotland lili theka. Ndatsala ndi kukopera nambala za umwini za 1961 ndi 1971 kuchokera m'malipoti osindikizidwa, ndi kuona ngati magulu ake akugwirizana ndi a ku England, chifukwa kumeneko kunalinso Scottish Special Housing Association pambali pa makhonsolo. Lachisanu likubwerali ndili pa ofu, ndipita ku Wakefield kukafufuza chaka chimene nyumba za mumsewu wathu zinayamba kugulitsidwa imodziimodzi. Msonkhano wa kagulu kathu uli kumapeto kwa mwezi. Bambo aja ndakumana nawo kumsika wa Kirkgate dzulo, andifunsa ngati mapepala apezeka. Ndawayankha kuti, "Apezeka bambo, koma mubwere ndi magalasi."